Chixhosa Chisadikire Kufika Pomwe Chafika Chijava

Mu 2025 boma la South Africa lidayamba ndondomeko yoti ana a giredi 4 aziphunzira masamu ndi sayansi m'chilankhulo chakwawo pamodzi ndi Chingerezi, m'malo moti chilankhulo cha makolo chizithera pa giredi 3 monga zakhalira kwa zaka zambiri. Njirayi idayamba kuyesedwa mu 2012 m'sukulu za ku Cofimvaba, ku Eastern Cape, ndipo chomwe chidatsogola ndi Chixhosa. Mkangano wake sunazirale. Ena akuti uku n'kuchedwetsa ana pa Chingerezi chomwe chidzawapezetse ntchito. Ena akuti Chixhosa chili ndi eni ake ochuluka, sichifunika kuleredwa ndi sukulu. Palinso omwe amaloza ku Indonesia, dziko la zilankhulo zoposa 700 lomwe lidasankha chimodzi, Chiindonesia, n'kuchiika m'kalasi, m'khoti ndi pa wailesi, ndipo zinthu zikuyenda. Ine ndili mbali ya omwe akufuna kuti Chixhosa chipitirire giredi 3 mpaka chikalowe m'chipinda cha mayeso, ndipo umboni ndikuutenga ku Indonesia komweko. Chijava, chomwe ndi chachikulu pa zilankhulo zonse za makolo m'dzikolo, chikuonetsa kuti kuchuluka kwa olankhula ndi mbiri yakale ya zolemba sizisunga chilankhulo chikalandidwa ntchito.

Wina anena msanga kuti ziwirizi siziyerekezeka, ndipo pa nkhani ya chibale akunena zoona. Chixhosa ndi cha banja la Bantu, gulu la Nguni, m'bale wake wa Chizulu, Chiswati ndi Chindebele. Wolankhula Chichewa akamva umntu ndi abantu amazindikira munthu ndi anthu, ndipo akaona isitya siwile, mbale yagwa, kusanduka izitya ziwile, amadziwa kuti ndi lamulo lomwe lija la chipewa chagwa, zipewa zagwa. Chijava ndi cha banja la Austronesia, limodzi ndi Chimalay, Chitagalog cha ku Philippines ndi Chimalagasi cha ku Madagascar. Chilibe magulu a mayina, ndipo mneni sasintha potsata nthawi. Amangoika kamawu patsogolo: wis pa zomwe zachitika kale, lagi pa zomwe zikuchitika, arep pa zomwe zikubwera. Pochulukitsa nthawi zina amangobwereza dzina, bocah ndi mwana, bocah-bocah ndi ana. Komatu chomwe tikuyerekeza pano si chibale. Tikufunsa chomwe chimachitikira chilankhulo cha anthu mamiliyoni chikakhala pansi pa china chomwe chagwira sukulu ndi boma, ndipo pa funso limeneli kusiyana kwa kapangidwe kake kumatithandiza kuona pomwe chilankhulo chimayambira kung'ambika.

Kwa mlendo, Chixhosa chimavutira pakamwa. Chili ndi maliwu atatu ophulika ndi lilime, omwe makolo a Axhosa adatenga kwa Akhoi ndi Asan. Lolembedwa c limatuluka nsonga ya lilime ikachoka kumbuyo kwa mano akutsogolo, monga timachitira potsonya, mwachitsanzo mu ukucela, kupempha. Lolembedwa q limatuluka lilime likakakamira pamwamba m'kamwa n'kugwa mwamphamvu, monga mu iqanda, dzira. Lolembedwa x limaphulikira m'mbali mwa lilime, monga mu uxolo, mtendere. Lililonse lili ndi njira zisanu ndi imodzi zolitulutsira, za c ndi c, ch, gc, nc, ngc ndi nkc, ndiye onse pamodzi amakwana 18. Onjezaninso kukwera ndi kutsika kwa liwu komwe kumasintha tanthauzo koma sikulembedwa. Ngakhale zili choncho, mwana wa ku Mthatha amazitola zonsezi asanaponde pasukulu, popanda womukhazika pansi, ndipo akazitola basi zatheka. Polankhula ndi agogo ake asintha mayitanidwe ndi kakhalidwe, koma mneni wa kudya ndi yemweyo amene amagwiritsa ntchito kwa mnzake.

Chijava chimavutira pa ulemu, ndipo apa m'pofunika kuimapo pang'ono. Chili ndi milingo. Ngoko ndi wa anzako, ang'ono ako ndi amene mwazolowerana. Krama ndi wa akuluakulu ndi anthu osawadziwa. Pakati pali madya, ndipo pamwamba pa zonsezi pali gulu la mawu lotchedwa krama inggil, lonenera thupi, zochita ndi katundu wa munthu amene ukumulemekeza. Sikuti amangoonjezera kachilembo monga ife timachitira ponena kuti agogo abwera. Mawu enieniwo amasinthiratu. Kudya ndi mangan, nedha kapena dhahar. Kugona ndi turu, tilem kapena sare. Nyumba ndi omah, griya kapena dalem. Munthu amene ukulankhula naye ndi kowe, sampeyan kapena panjenengan. Ngakhale kuwerenga kumasintha, siji, loro, telu amasanduka setunggal, kalih, tiga, ndipo madzi omwe ndi banyu amasanduka toya. Mawu oterewa alipo mazana angapo, ndipo ndi omwe amabwera pafupipafupi pocheza. Cholakwika chimachitika chonchi. Mnyamata akafuna kuuza apongozi ake kuti akudya, ayenera kunena kula nedha. Akanena aku mangan wawachepetsa. Akanena kula dhahar, poganiza kuti mawu apamwamba ndiwo aulemu kwambiri, wadzikweza yekha, wadzipatsa mawu omwe ndi a apongoziwo. Za mwana yemwe sanadziwe izi amati durung Jawa, kutanthauza kuti sanafike pokhala Mjava. Choncho munthu asanatsegule pakamwa ayenera kuyeza msinkhu, udindo ndi kuzolowerana, ndipo luso limeneli silitoledwa pabwalo posewera. Limaphunzitsidwa mwadala, m'nyumba, kwa zaka.

Pamenepa ndi pomwe Chiindonesia chidalowera. Chilibe milingo yotereyi, ndiye wachinyamata wa ku Yogyakarta kapena Semarang, mizinda ya pa chilumba cha Java, amene akuopa kulakwitsa krama pamaso pa akulu ali ndi pothawira: amangosinthira ku Chiindonesia, chomwe amachidziwa bwino chifukwa ndi chomwe waphunziramo masamu, mbiri ndi sayansi kuyambira ali wamng'ono. Palibe amene angamudzudzule kuti wachita mwano. Iye akadzakhala kholo sangaphunzitse mwana wake chomwe mwini wake amachizemba. Mu 2014 ofufuza awiri, Maya Ravindranath ndi Abigail Cohn, adafunsa poyera ngati chilankhulo cha anthu mamiliyoni chingakhale pangozi, ndipo Chijava chidali pakati pa nkhani yawo. Phunziro lake kwa a Chixhosa n'lakuti chilankhulo sichifa chonse nthawi imodzi. Chimayamba kutaya mbali yomwe imafuna kuphunzitsidwa, mbali ya pamsonkhano, ya kufotokoza zinthu zovuta, ya kulemba. Chotsala ndi chapamsika ndi chanthabwala.

Tsopano tibwere kwa amene akuti Chixhosa n'chachikulu moti sichingagwedezeke. Kalembera wa mu 2011 adapeza anthu oposa 8 miliyoni omwe Chixhosa ndi chilankhulo chawo choyamba, ndipo wa mu 2022 adapezabe kuti ndi pafupifupi 16 pa anthu 100 alionse, chachiwiri kwa Chizulu. Chiwerengerochi n'chabwino ndithu. Koma kalembera wa ku Indonesia wa mu 2010 adapeza anthu pafupifupi 68 miliyoni a zaka zisanu kupita m'tsogolo omwe amalankhula Chijava kunyumba, kuchulukitsa Chixhosa kasanu ndi katatu. Kalembera yemweyo adawerenga anthu a mtundu wa Ajava pafupifupi 95 miliyoni, ndipo ngakhale mutachotsapo ana osakwana zaka zisanu, mpata wotsalawo ndi wa anthu mamiliyoni ambiri. Vuto la kalembera n'lakuti amawerenga agogo ndi mdzukulu mofanana, pomwe tsogolo la chilankhulo lili pa chomwe mayi akulankhula kwa mwana wa zaka ziwiri. Banja lililonse limasankha palokha, koma onse amasankha pa chifukwa chimodzi, ndiye mabanja mamiliyoni akhoza kutembenuka m'mibadwo iwiri yokha. Mphamvu za eni ake nazo sizithandiza. Sukarno, Suharto ndi Joko Widodo, omwe adakhalapo mapulezidenti a Indonesia, adali olankhula Chijava, monga Nelson Mandela ndi Thabo Mbeki adali olankhula Chixhosa. Ifenso tili ndi chitsanzo chapafupi: Angoni a Zwangendaba adaoloka Zambezi mu 1835 ndi chilankhulo cha gulu lomwelo la Nguni, adagonjetsa madera, koma zidzukulu zawo zimalankhula Chitumbuka, Chichewa ndi Chinsenga.

Ena amadalira mbiri ya zolemba, kuti chilankhulo chomwe chili ndi Baibulo, nyuzi ndi alembi ake chazika mizu. Pa mpikisano umenewu Chijava chimasiya Chixhosa kutali. Cholembedwa chakale kwambiri cha Chijava chomwe chili ndi deti ndi cha mu 804. Ndakatulo yaitali ya Nagarakretagama, yofotokoza ufumu wa Majapahit, idalembedwa mu 1365, ndipo mawu omwe ali pa chizindikiro cha dziko la Indonesia, Bhinneka Tunggal Ika, ndi a Chijava chakale. Ajava ali ndi zilembo zawozawo, hanacaraka, zokhala ndi zilembo 20 zoyambira, zizindikiro zosinthira mavawelo ndi timaonekedwe tina tolembedwa pansi pa chilembo chinzake. Chixhosa chidayamba kusindikizidwa mu 1823 pa mishoni ya Tyhume, Baibulo lonse lidatha mu 1859, ndipo nyuzi ya John Tengo Jabavu, Imvo Zabantsundu, idayamba mu 1884. Nanga lero zili bwanji? Zilembo za hanacaraka mudzaziona pa zikwangwani za misewu ku Yogyakarta ndi Surakarta, koma ochepa ndiwo angawerenge nazo tsamba lathunthu. Magazini ya Panjebar Semangat, yomwe idayamba ku Surabaya mu 1933, imasindikiza m'zilembo za Chilatini. Kusukulu Chijava chimaphunzitsidwa ngati phunziro la m'dera, kawirikawiri mapiriyodi awiri pa sabata, ndipo m'mapiriyodi awiriwo muyenera kulowa krama, zilembo, ndakatulo ndi nthano. Maola ena onse ndi a Chiindonesia. Kusiyana kwa chilankhulo chophunziridwa ndi chilankhulo chophunziriramo ndi kumeneku, ndipo Chixhosa chikathera pa giredi 3 chimakhala panjira yomweyo.

Mfundo yolimba kwambiri ya otsutsa ndi ya umodzi wa dziko, ndipo iyenera kupatsidwa ulemu wake. Pa 28 October 1928 achinyamata omenyera ufulu ku Indonesia adalumbira kuti adzakweza chilankhulo chimodzi cha umodzi, ndipo malamulo a dziko a mu 1945 adachikhazikitsa. Ajava, omwe ndi pafupifupi 40 pa anthu 100 alionse, sadaumirize chawo, ndipo izi zidapewetsa mikangano yomwe maiko ena adavutika nayo. Lero mwana wa ku Aceh, kumadzulo kwenikweni kwa dzikolo, ndi wa ku Papua, kummawa kwenikweni, amamvana. Funso ndi lakuti, kodi Chingerezi ku South Africa chingachite zomwezo? Yankho n'lakuti ofanizirawo alumpha chinthu chachikulu. Indonesia sidasankhe Chidatchi cha atsamunda. Idasankha Chimalay n'kuchitcha Chiindonesia, chilankhulo cha malonda chomwe chinkamveka kale m'madoko ndi m'misika kwa zaka mazana, komanso cha banja limodzi ndi zilankhulo zambiri za m'dzikomo. Mwana wa ku Java akalowa m'kalasi amapeza mawu monga lima, zisanu, tulis, lemba, ndi pasar, msika, ali chimodzimodzi ndi akwawo, ndipo kamangidwe ka chiganizo sikachilendo. Mwana wa ku Cofimvaba sapeza mlatho wotero pakati pa Chixhosa ndi Chingerezi, ndipo akaweruka kusukulu Chingerezicho sachimva pamsika, kutchalitchi kapena mu taxi. Kuonjezera apo, ngakhale Indonesia, yomwe idasankha chilankhulo chapafupi chotere, ikulipirabe mtengo wake pa Chijava. South Africa ikatsata njirayi ndi Chingerezi idzalipira mtengo womwewo popanda phindu lomwe Indonesia idapeza.

Palinso chikaiko chomwe chili ndi maziko m'mbiri. Lamulo la Bantu Education la mu 1953 lidaumiriza ana akuda a ku South Africa kuphunzira m'zilankhulo zawo m'pulayimale yonse, ndipo cholinga chake chidali kuwatsekera khomo. Kholo lomwe likukumbukira zimenezi likamva za kuphunzira m'Chixhosa likhoza kuganiza kuti msampha wakale wabwerera, ndipo likafuna Chingerezi kwa mwana wake silikulakwa. Koma taonani zomwe zikuchitika m'kalasi panopa. Kafukufuku wa PIRLS wa mu 2021, woyesa luso la ana powerenga m'maiko ambiri, adapeza kuti ana 81 pa 100 alionse a giredi 4 m'dzikomo satha kuwerenga momvetsa m'chilankhulo chilichonse, ngakhale chakwawo. Wotsutsa anganene kuti izi zikusonyeza kuti chilankhulo cha makolo sichikuthandiza. Ine ndikuona mosiyana: mwana yemwe sanakhwime kuwerenga m'chilankhulo chomwe amachimva ndi amene tikumupatsa buku la sayansi la m'chilankhulo chomwe sachimva, ndiye akusenza akatundu awiri pamutu umodzi. Mphunzitsi amaona vutoli, amafotokoza m'Chixhosa, kenako amalemba manotsi pabolodi m'Chingerezi kuti ana akope ndi kuloweza. Mayeso akabwera, mwana wamvetsa nkhaniyo m'chilankhulo china koma afunsidwa m'china. Ndondomeko yatsopanoyi sikuchotsa Chingerezi. Ikungovomereza zomwe aphunzitsi akhala akuchita mobisa, n'kuzipatsa mabuku. Ndipo chitsanzo chili m'dziko momwemo: mwana wolankhula Chiafrikaans akhoza kuphunzira m'chilankhulo chake mpaka giredi 12, n'kulemba mayeso a matric, omaliza sukulu, momwemo, Chingerezi akuchitenga ngati phunziro. Palibe amene amati mwana ameneyu watsekeredwa ntchito.

Za kuti Chixhosa chilibe mawu a sayansi sindikhalapo nthawi. Chiafrikaans chidakhala chilankhulo cha boma mu 1925, ndipo m'zaka makumi ochepa chidafika poti n'kuphunzitsiramo udokotala ndi malamulo, chifukwa boma lidalipira madikishonale ndi mabuku. Mu 2017 yunivesite ya Rhodes idapereka digiri ya udokotala wa maphunziro pa kafukufuku wolembedwa yense m'Chixhosa, wokhudza Axhosa a ku Zimbabwe, dziko lomwe malamulo ake a mu 2013 amatchula Chixhosa ndi Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Mavuto enieni ali pena, ndipo ochirikiza ndondomekoyi asawabise. Chixhosa cha m'buku chidamangidwa makamaka pa kalankhulidwe ka Angqika ndi Agcaleka, mafuko awiri a Axhosa, ndiye mwana wa Chimpondo kapena Chibhaca akhoza kuchongedwa kuti walakwa pomwe walemba momwe amalankhulira kwawo. Manambala ndi ataliatali: 27 ndi amashumi amabini anesixhenxe, ndipo anthu ambiri pogula ndi pogulitsa amatchula manambala m'Chingerezi, choncho buku lomwe liumirira mayina aatali pa samu iliyonse lichedwetsa mwana pachabe. Mawu a Chixhosa amalembedwa molumikiza, liwu limodzi likhoza kukhala chiganizo chathunthu, ndiye njira zophunzitsira kuwerenga zokopedwa ku Chingerezi, zoloweza maonekedwe a timawu tifupitifupi, sizigwira. Mwana ayenera kuphunzira kuphwanya liwu m'maphatikizo, kuphatikizapo zilembo zinayi zoimira liwu limodzi monga ntsh. Aphunzitsi ambiri adaphunzitsidwa masamu m'Chingerezi ndipo sadalembepo funso la mayeso m'Chixhosa. Komanso zomwe zingatheke ku Cofimvaba, komwe kalasi yonse ndi ya chilankhulo chimodzi, sizingatheke chimodzimodzi m'malokeshoni a ku Gauteng komwe kalasi imodzi ili ndi zilankhulo zisanu kapena kuposa. Zonsezi ndi zifukwa zochitira ntchitoyi mosamala, kuyambira m'madera momwe ingagwire msanga.

Pali Ajava ena omwe salira krama. Amati milingoyo ndi chotsalira cha nthawi ya mafumu a ku Surakarta ndi Yogyakarta, yomwe inkakumbutsa wosauka malo ake m'chiganizo chilichonse. Pa Chixhosa anganenenso chimodzimodzi za isihlonipho, mwambo woti mkazi wokwatiwa azipewa maphatikizo opezeka m'mayina a apongozi ake aamuna, mpaka kumasintha mawu wamba. Ndikugwirizana nawo mbali imodzi: si chilichonse chakale chomwe chiyenera kusungidwa, ndipo eni ake ali ndi ufulu wosiya chomwe chikuwapweteka. Koma onani chomwe chidalowa m'malo mwa krama. Sikuti ngoko adakwera n'kukhala chilankhulo cha aliyense pamsonkhano ndi m'kalasi. Malowo adatengedwa ndi Chiindonesia, ndipo ngoko adatsala ndi nyimbo za campursari ndi dangdut, makanema oseketsa a pa YouTube ndi macheza a pamsewu. Kumeneko ali ndi moyo ndithu, koma palibe amene amalembera kalata yofunsira ntchito. Chigawo cha Yogyakarta chidakhazikitsa lamulo loteteza Chijava, zolemba zake ndi zilembo zake mu 2021, ana ambiri a m'tauni ataleredwa kale m'Chiindonesia.

Chixhosa chili ndi zomwe Chijava chilibe. Ndi chimodzi mwa zilankhulo 12 za boma, ndime 29 ya malamulo a dziko imapereka ufulu wophunzira m'chilankhulo cha boma chomwe munthu wasankha ngati n'kotheka, chili ndi wailesi ya Umhlobo Wenene ndi nkhani za pa kanema wa SABC. Koma mu 2017 akuluakulu a makhoti adagwirizana kuti zolemba za milandu zizikhala m'Chingerezi basi, ndipo mayeso a matric a masamu, sayansi ndi mbiri amalembedwa m'Chingerezi kapena m'Chiafrikaans. Kholo silowerenga ndime za malamulo. Limayang'ana pepala lomwe mwana wake adzalembe pomaliza sukulu, n'kubwerera m'mbuyo posankha sukulu ndi chilankhulo chomulankhulira kunyumba, ndipo ndi kuwerengera komweku komwe kudatembenuza mabanja a ku Semarang. N'chifukwa chake ndondomeko ya giredi 4 payokha ndi yosakwanira. Ana omwe adayamba nayo mu 2025 adzafika giredi 12 mu 2033, ndipo unduna wa maphunziro uyenera kunena panopa ngati mapepala a chaka chimenecho adzakhale ndi mafunso m'Chixhosa pambali pa Chingerezi, ndi kuyamba kuphunzitsa oyika ndi ochonga mayeso omwe adzawerenge mayankhowo.